Mkamwini Waoneka pa Kanema

Cuthbert anamuuza Mwaiwathu kuti aoneka pa TV Lamlungu, koma sanamuuze kuti aoneka ngati ndani.

"Gawo langa ndi lofunika kwambiri," anatero pa foni. "Popanda ine, nkhani yonse palibe."

Sananame. Koma Mwaiwathu, amene anali atatha chaka chathunthu akuyesetsa kuti mayi ake amukonde mnyamatayu, anamva zimene mtima wake unkafuna. Anaganiza kuti mwina ndi loya, kapena woweruza milandu wovala mkanjo wakuda.

Mayi Namakhwa sankamufuna Cuthbert. Ankati mwamuna wochita zisudzo ndi mwamuna amene anakaphunzira kunama. Mtima wawo unali pa Elvis, mwana wa mkulu wa mpingo, wogwira ntchito ku maofesi a boma, wokhalanso ndi galimoto. Anangolola monyinyirika kuti Loweruka likubweralo mchimwene wawo, a Hopewell, adzabwere kuchokera ku Phalombe kudzakumana ndi akwawo kwa Cuthbert. Ndiye Mwaiwathu anati TV ndiyo imalize ntchito yotsalayo.

"Amayi, Lamlungu folo koloko musachoke. Mkamwini wanu ali pa kanema."

"Mkamwini wa ndani?" anayankha mayiwo osacheuka n'komwe.

Koma potuluka m'tchalitchi anauza amayi anzawo onse a Mvano.

*

Pofika folo koloko, pabalaza pa nyumba yawo ku Chinamwali panali amayi khumi ndi mmodzi, ena pa sofa, ena pa mkeka. Seweroli linali latsopano, dzina lake *Tsiku Limene Ndinanena*, ndipo wolengeza anati nkhani zake ndi za milandu yeniyeni ya kukhoti, angosintha maina.

Gawo la tsikulo linali la mtsikana wa ku koleji, wochita lendi kachipinda, amene anagwiriridwa n'kupita yekha kupolisi. Wapolisi wa pakauntala, uku akukukuta chimanga chootcha, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Unavala chiyani tsikulo?"

"Iwe wavala chiyani, galu iwe!" anakuwa Mayi Peace, msungichuma wa Mvano, akuloza TV ndi patapata. "Lemba zimene mwana akunenazo!"

Kenako analowa wapolisi wamkazi, Sajeni Vera. Anamutenga mtsikanayo kupita naye chipinda china, anamupatsa madzi, n'kukhala naye phee mpaka anayamba kuyankhula yekha. Amayi onse anapuma mozama.

"Uyu yekhayu ndiye anayamwa bere la munthu," anatero Mayi Namakhwa.

Mwaiwathu ankangoyang'ana mwamuna aliyense wolowa. Dokotala sanali Cuthbert. Loya sanali Cuthbert. Ngakhale woyendetsa galimoto ya polisi sanali Cuthbert.

"Nanga mkamwini uja ali kuti?" anafunsa mayi wina.

"Woweruza amabwera kumapeto," anayankha Mwaiwathu, maso ali pa TV.

Mtsikana wa mu sewero uja anayamba kufotokoza. Anati munthuyo ndi mwana wa alandilodi, amene ankamunyamulira ndowa ya madzi, kumukonzera babu, kumutchula kuti mlongo wanga. Kanema anaonetsa nsapato pakhomo. Anakwera pang'ono, n'kuonetsa malaya a mandalasi a buluu, amene Mwaiwathu anawadziwa nthawi yomweyo, chifukwa anagula ndi iye mumsika wa Zomba. Anakweranso, n'kuonetsa nkhope ya Cuthbert ikumwetulira, ndevu zitapesedwa bwinobwino. Anakankha chitseko ndi chidendene, chinatsekeka, ndipo pa TV panada bii.

Mayi Namakhwa anavula magalasi, anawapukuta ndi chitenje, n'kuwavalanso.

"Odi kuno!"

Anali Cuthbert, mabotolo awiri a sikwashi m'manja, atavala malaya omwe aja.

"Pepani ndachedwa, minibasi inafa pa mlatho. Mwandiona?"

"Takuonani," anatero Mayi Peace akudzuka. "Lowani mutseke chitseko. Ayi! Musatseke! Chisiyeni choncho chotsegula!"

Cuthbert anayang'ana nkhope khumi ndi ziwiri, ndipo kumwetulira kuja kunayamba kuthawa pang'onopang'ono.

"Amayi, ndi sewero chabe."

"Malayawo ndi seweronso?" anafunsa Mayi Namakhwa. "Achimwene, nyamulani sikwashi wanu. Mwana wanga sakuperekezani."

Anatuluka chobwerera m'mbuyo mpaka kuseri kwa mpanda.

*

Lolemba m'mawa foni ya Mwaiwathu inali itadzaza ndi mauthenga a Cuthbert.

*Mwai, chonde yankha.*

*Anandilonjeza kuti nkhope aibisa. Amati azingoonetsa msana.*

*Mwai, wa kabaza wanditsitsa pakati pa msewu. Wangocheuka kamodzi, n'kuima, akuti tsikani bwana, njinga yanga ndi yopemphera.*

*Mayi wa tomato uja waphimba tomato ndi thumba nditangofika.*

*Mdala wina pa depoti wandigwira chanza, akuti mwatuluka liti kundende.*

Mwaiwathu analuma chala kuti asaseke, n'kulemba kuti: *A Cuthbert, malaya amene aja ndinagula ndi ine.*

*Ukanditchula "a Cuthbert" ndimachita mantha.*

*Muzichita.*

Masana, mnzake anamutumizira zimene zinkazungulira pa gulu la WhatsApp la achinyamata a kutchalitchi. Elvis anali atajambula TV nthawi imene Cuthbert ankatseka chitseko, n'kulemba pansi pake kuti: *Tiyeni tipempherere alongo athu ena amene sakudziwa anthu amene akuyenda nawo.* Anthu makumi atatu anali atayankha kale kuti ameni.

Sipanapite mphindi zisanu, Elvis yemweyo anamulembera payekha. *Ndamva zimene zakuonekera. Galimoto ili ndi mafuta, ukafuna koti ukalire undiuze.*

*Ndilira pa minibasi,* anayankha Mwaiwathu.

*

Lachitatu Mwaiwathu analola kuti akumane ndi Cuthbert, koma anati pakhale pamalo oonekera. Anakwera phiri mpaka pa damu la Mulunguzi. Kunali kamphepo kozizira, ndipo ana a sukulu ina ankajambulitsa m'mbali mwa madzi. Cuthbert anabwera atavala chipewa chofika m'maso ndi magalasi akuda.

"Vulani zimenezo," anatero Mwaiwathu. "Pa TV paja mumaoneka bwinoko."

Anavula. Maso anali ofiira.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayesa katatu. Nthawi zonse ndikati ndiyambe, iwe umayamba kundifunsa ngati andiveka wigi ya woweruza. Unali wosangalala, Mwai. Ndinati bola nkhope aibisa, ndidzangoti gawo langa analidula."

"Ndiye mumafuna kundinamiza kawiri."

"Kamodzi ndi theka."

Mwaiwathu anatembenukira ku damu. "Amayi anaitana Mvano yonse. Anagula mabisiketi. Mukudziwa kuti amayi sagulira munthu mabisiketi? Ndipo mwa magawo onse a padziko lapansi, inu n'kusankha limenelo. Ngakhale mlonda wa pageti, Cuthbert. Ngakhale mtembo."

Cuthbert anakhala pa mwala n'kuyamba kuzunguza chipewa m'manja.

"Anyamata asanu ndi mmodzi anakana gawo limenelo. Inenso ndinali nditakana. Ndiye mayi wotsogolera seweroli anatiwerengera kalata ya mwini nkhaniyo, mtsikana weniweniyo. Dzina sanatiuze. Analemba kuti, chonde musamuonetse ngati chilombo. Musamupatse zipsera kapena maso ofiira. Anali munthu womwetulira, wopereka moni kwa aliyense, n'chifukwa chake kwa miyezi isanu ndi itatu palibe anandikhulupirira. Atamaliza kuwerenga, anayang'ana m'chipinda monse, n'kuloza ine. Akuti iwe, nkhope yakoyo ndi ya munthu woti angamusungitse makiyi a nyumba."

Mwaiwathu anacheuka n'kumuyang'ana.

"Tsiku lojambula ndinasanza kuseri kwa galimoto. Koma ndinamwetulira mmene anafunira. Ngati amayi ako akundida chifukwa cha kumwetulira kuja, ndiye kuti ntchito ndinaigwira."

"Nanga malaya anga?"

"Amene anandipatsa anali othina. Ndipo ndinkafuna chinachake chako pafupi."

"Iwe ndiwe chitsiru," anatero Mwaiwathu, n'kukhala pa mwala womwewo.

"Wanena kuti iwe."

"Chandipulumuka."

Mayi wina wogulitsa zipatso za m'phirimo anafika ndi kabeseni pamutu. Anatsitsa, n'kuyamba kuyala timbale ta masitiroberi. Atadzutsa maso anaona Cuthbert, anaona Mwaiwathu, n'kubwezera timbale tonse m'beseni. Anamukodola Mwaiwathu kuti abwere pambali.

"Achemwali," ananong'ona mokweza, "musaonetse kuti mwadziwa. Yendani pang'onopang'ono kulowera kuli ana a sukuluwo. Ine ndimuchedwetsa."

"Amayi, ndi chibwenzi changa."

Mayiyo anagwira pakamwa. "Mayo! Ndiye simuonera TV?"

*

Lachinayi madzulo seweroli linkabwerezedwa, ndipo Elvis anafika nthawi yake yeniyeni, atanyamula nkhuku yoyera ndi paketi ya shuga. Mayi Namakhwa anamukhazika pa sofa yabwino ija, n'kumutuma Mwaiwathu kuti aphike tiyi wamkaka.

"Ine ndinaona kalekale, amayi," ankatero Elvis, atapingasa miyendo kuti masokosi aoneke. "Munthu sangachite bwino choncho chinthu chimene sachidziwa. Zimachokera mumtima zimenezi."

"Mwina," anatero mayiwo, maso ali pa TV.

Mwaiwathu anaika kapu patebulo mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira m'sosala.

Pa TV, mtsikana uja anali akufotokozera Sajeni Vera kuti anapita kuchipinda kwa mnyamatayo kukatenga chaja ya foni. Elvis anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono.

"Komatu tikanena chilungamo, mtsikanayunso ali ndi vuto. Amakatani kuchipinda kwa mwamuna? Atsikana a masiku ano amaziyamba dala, zikavuta ndiye misozi."

Mayi Namakhwa anatenga rimoti n'kuchotsa mawu. Anatembenuka thupi lonse.

"Mwati bwanji?"

"Ndikungoti, amayi, mkazi wodzisunga..."

"Amakatenga chaja. Simunamve? Kapena makutu munawasiya m'galimoto?"

"Ayi, ine ndimangoti..."

"Inu mwalowa m'nyumba muno mmene muli akazi awiri okha. Mwadzatani? Tikumenyeni ndi chipande, tidzati munaziyamba dala?"

Elvis anatsitsa mwendo uja. Anayang'ana Mwaiwathu kuti amuthandize, koma Mwaiwathu anali akuwerenga malata.

"Nyamukani, achimwene. Mupereke moni kwa bambo anu. Nkhukuyo itengeni."

Elvis anatuluka nkhuku ili kukhwapa. Shuga anamusiya, ndipo palibe anamukumbutsa.

Galimoto itachoka, mayiwo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana TV yopanda mawu ija. Mwaiwathu anayamba kuchotsa makapu.

"Khala pansi," anatero mayiwo. "Ukuganiza kuti ine sindidziwa kuti ndi sewero? Ndinaphunzira mpaka Fomu Thuu ine."

"Nanga bwanji munamuthamangitsa?"

"Chifukwa kumwetulira kuja ndinakuonapo." Anakonza chitenje pa mawondo. "Mayi ako aang'ono, a Ellah, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Munthuyo anali woimbitsa kwaya, wokondedwa ndi mudzi wonse. Ellah atabwera akulira, funso loyamba linali lomwe wafunsa Elvis lija. Ndipo amene anafunsa ndi ine."

Mwaiwathu anagwira dzanja la mayi ake.

"Sanatiuzenso kanthu mpaka lero. Lolemba ndinamuimbira foni ku Mulanje. Ndinati, Ellah, unaonera? Akuti ndinaonera. Ndinati, ndinalakwa. Tinangokhala pa foni osayankhula mpaka mayunitsi anatha."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kubweza mawu a TV.

"Umuuze wazisudzo wakoyo abwere Loweruka. Koma ndevu amete. Ndipo malaya aja ndisadzawaonenso, ngakhale pa chingwe."

*

Loweruka Cuthbert anafika chibwano chili see, atavala jekete lobwereka, limodzi ndi amalume ake, a Henderson. Amalume a Hopewell anali atakhala kale pa sofa, chipewa pa bondo. Mayi Peace anali atabwera kudzathandiza kuphika, koma mpunga ankausankhira pakhonde, pansi penipeni pa windo.

Atatha malonje, a Henderson anayamba mwaulemu kufotokoza chimene anabwerera. A Hopewell anakweza dzanja.

"Zimenezo tifika. Ine ndili ndi funso kwa mnyamatayu." Anasendera kutsogolo. "Kwathu ku Phalombe tinaonera tonse pa golosale. Anthu atamva kuti ndikubwera kuno andituma. Kodi pamapeto pake akugwirani?"

"Amalume, anatiletsa kuulula."

"Ndiye mwana wathu sitikupatsani."

"Andigwira," anatero Cuthbert mofulumira. "Gawo lachinayi. Sajeni Vera apeza atsikana ena awiri amene ankachita lendi pomwepo."

"Zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zitatu."

"Zachepa!" anakuwa Mayi Peace kunja kwa windo.

"Nanga wapolisi wachimanga uja?" anafunsa Mayi Namakhwa, amene anali atalonjeza kuti sayankhula.

"Amuchotsa pakauntala, amayi."

"Eya." Anatsamira khoma. "Pitirizani, a Henderson."

Zinayenda bwino kuposa mmene Mwaiwathu ankayembekezera. A Hopewell anafunsa za kwawo kwa Cuthbert, za mpingo, za chimene angamudyetse mkazi masiku amene kulibe sewero. Anagwirizana kuti chinkhoswe chidzakhale mwezi wa Ogasiti. Mwaiwathu, atagwada pakhomo la kukhitchini, anamuyang'ana Cuthbert mobisa, ndipo Cuthbert anayamba kumwetulira, kenako anakumbuka n'kutseka pakamwa.

"Odi!"

Anali mawu a mkazi. Pabwalo panaima mayi wachitsikana, wamtali, atavala mpango wobiriwira, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Kudzanja anagwira kamtsikana ka zaka ngati zitatu.

"Ndikufuna bambo amene anaoneka pa TV Lamlungu," anatero.

Mayi Peace anaika lichero pansi, n'kumuyandikira mwachifundo.

"Mwanawe, ndi sewero lija. Ifenso tinapusa. Munthuyu ndi wabwinobwino, wameta ndi ndevu zomwe."

"Ndikudziwa kuti ndi sewero, amayi. Ine ndine Amisa, ndachokera ku Ntaja. Ndafunsafunsa mpaka ku Matawale kumene akukhala tsopano, andilozera kuno. Zaka zitatu ndakhala ndikumufunafuna, foni anasintha, kumene ankakhala anasamuka. Lamlungu ndili kwa aneba, ndangoona uyu akutseka chitseko."

Anasuzumira m'nyumba, kudutsa amalume awiri aja, n'kukankhira kamwanako kutsogolo.

"Latif, sutipatsa moni?"

A Hopewell anayang'ana a Henderson. A Henderson anayang'ana nsapato zawo.

"Latif ndi ndani?" anafunsa Mwaiwathu.

Pabalaza ponsepo, munthu mmodzi yekha ndi amene anali ataimirira: Cuthbert.